Mmene Ndinalowera M'malo mwa Jenereta

Sunthani pang'ono achimwene, ndikhale nawo. Basi imeneyi sibwera msanga, ndimaidziwa. Mwati ndikukuwa? Pepani, sindikukalipa, mawu angawa ndi mmene alili. Ndakhala zaka khumi ndi zinayi pambali pa jenereta, ndiye kunong'ona kwanga n'kumeneku. Ndipo musawanyoze, chifukwa ana anga akudyera mawu omwewa. Inu tamverani ndikuuzeni.

Ine pa ntchito yomanga nyumba sindinali munthu wamba. Anzanga ankasenza njerwa, ena kukankha wilibala, ine nditakhala pa chigubu, mwendo pamwamba pa unzake, kuyang'anira jenereta. Jenereta yathuyo tinkaitcha Agogo, chifukwa inali yokalamba, yotsokomola, ndipo m'mawa inkafuna kuinyengerera. Agogo sankadzukira munthu wina aliyense koma ine. Ndinkakoka chingwe katatu, kuwaponda chidendene kumanzere, kenako kukokanso uku ndikuwatukwana, basi ayamba kubangula. Anthu ankati ndi luso. Zoona zake, panali kampopi ka dizilo kunsi kwake kamene ndinkatseka ndikamaweruka n'kukakulunga ndi kansanza, ndipo palibe amene ankadziwa. Kuponda chidendeneko kunali kongokometsera.

Kunyumba mayi a ana anga ankauza aliyense kuti amuna awo ndi injiniya. Ovolo yanga ankachita kuisita. Ine sindinawauzepo kuti ndine injiniya, koma sindinawauzeponso kuti sindine, paja si bwino kutsutsa mkazi pagulu. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, msana unandithera pa wilibala ndili mnyamata, ndiye mundimvetse ndikamati chigubu chimenecho chinali moyo wanga.

Tsono pali zinthu ziwiri zimene Agogo anatizoloweza, ndipo muzisunge. Choyamba, Agogo akamalira, munthu samva mnzake. Ndiye tinkayankhulana ndi manja, pakamwa n'kumanena zina. Kapitawo wathu, munthu wamtali wa ndevu za pachibwano pokha, akamadutsa, kalipentala ankavula chipewa, kumwetulira bwinobwino, n'kukuwa kuti, "Yadutsa mbuzi yamano kunsi." Kapitawo n'kugwedeza mutu, kukondwa kuti ana akumulemekeza. Zaka ndi zaka, popanda vuto.

Chachiwiri, Agogo akazima, ndiye kuti magetsi kulibe. Nthawi ya nkhomaliro ndinkawazimitsa, pamalo n'kuti zii, ndipo aliyense ankadziwa kuti tsopano ukhoza kugwira waya ndi mano. Tinali ndi chikepe chokwezera matumba a simenti pamwamba, thabwa lalikulu lokhala ndi zitsulo zotchinga mbali zitatu, mbali imodzi ili pululu. Pamenepo ndiye panali pogona pa kapitawo masana. Ankavula nsapato, kutsamira thumba la simenti, chipewa kumaso, mkonono n'kuyamba. Ine chikwama changa cha chakudya ndinkachikoleka pa chogwirira choyendetsera chikepecho kuti nyerere zisalowe. Tsiku lililonse, nyumba iliyonse imene tamangapo.

Nyumba imene tinkamanga ulendo umenewu inali yosanjikizana kanayi, ndipo kuseri kwa mpanda kunali kachipatala ka amayi ndi ana. A nesi aakulu a kumeneko anadandaula kwa bwana wathu kuti makanda sakugona, utsi ukulowa m'mawindo, ndipo iwo akamamvetsera pamtima pa mwana akumva jenereta. Ine ndinati makandawo akuphunzira msanga kuti dziko ndi la phokoso, koma palibe anandifunsa.

Lolemba m'mawa, galimoto ya bwana inafika itanyamula chibokosi choyera, chachikulu ngati filiji yogoneka, chili ndi matayala. Munatsikanso mayi wina wachitsikana, wovala nsapato zantchito zoyera bwino, foni m'manja. Anati ndi katswiri wochokera kumene bokosilo linagulidwa.

"Limeneli ndi batire," anatero bwana. "Kuyambira lero Agogo apume. Dizilo watsala mu thanki asiyidwe, mwina tingadzamufune. Koma ndisamve akulira."

Ine ndinazungulira bokosilo kawiri, manja kumbuyo, ngati munthu wogula ng'ombe.

"Chingwe chake chili kuti?" ndinafunsa.

"Chingwe chanji, bambo?" anatero mayi uja.

"Chokoka."

"Palibe chokoka. Mumangodina apa."

Anadina kabatani ndi chala chimodzi, chachikhadabo chopaka utoto. Kagetsi kobiriwira kanayaka. Basi.

"Layaka," anatero.

"Silinayake, mayi. Likanayaka tikanamva."

Wowotcherera zitsulo anatenga chodulira chake, kuchilumikiza ku bokosilo, kudina, chinalira. Onse anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuona mvula.

Mayi uja anatenga mawaya onse a pamalopo, kuwachotsa kwa Agogo, kuwalowetsa m'bokosi, n'kukhoma kachitseko kake ndi kiyi. Kenako anayamba kundiphunzitsa. Anati madzulo aliwonse tikaweruka, ndizilikankha bokosilo kuwoloka msewu kupita kunyumba yosungira katundu ya bwana, kumene kuli magetsi, likagone likutchaja. Anati pa kagalasi aka pali manambala, akatsika kwambiri limalira kabelu. Anati chinthu china chachitatu, koma ine ndinali nditakweza kale dzanja.

"Mayi, inu musanabadwe ine ndinali ndikuyatsa kale makina. Ndikudziwa."

Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine mwambi umenewu ndinkaudziwa kale.

Asanachoke, mayiyo anaitana anthu onse n'kuwauza kuti chete wa bokosili si chete wa jenereta, magetsi amakhalapo nthawi zonse, munthu asagone pa chikepe. Kapitawo anakwinya nkhope ngati amulanda mkazi. Kenako bwana anandikokera pambali.

"Akulu, chinthuchi sichifuna munthu wokhala pa chigubu. Tiona sabata ino. Ngati chikuyenda chokha, Lolemba likubwerali mutenge wilibala."

Msana wanga unamva mawu amenewo makutu asanamve.

Ntchito inayamba. Inu, chete ameneyo anali woopsa. Tinamva mbalame. Tinamva kuti womanga wina amene tagwira naye zaka zisanu ndi wachibwibwi, sitinkadziwa. Tinamva kuti m'mimba mwa wowotcherera mumalira ngati muli achule. Cha m'ma naini kapitawo anadutsa pa malo a kalipentala, ndipo kalipentala, munthu wa ana asanu ndi mmodzi, mkulu wa mpingo, anavula chipewa, kumwetulira, n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Yadutsa mbuzi yamano kunsi."

Mawuwo anagunda khoma n'kubwerera. Ngakhale mbalame zija zinasiya.

Kapitawo anaima. "Mwati bwanji, akalipentala?"

"Ndimati... mwadzuka bwanji, bwana?"

"Mwayamba liti kundipatsa moni wotere?"

Wachibwibwi uja, pofuna kuthandiza, anati, "Ka-ka-kalekale, bwana."

Ine ndinaseka mpaka misozi. Koma chaona mnzako chapita. Patangotha ola, ndikudutsa ndi kansanza kanga, mnzanga wokankha wilibala anandikwezera chala chachikulu monga mwa masiku onse, n'kukuwa kuti, "Ndi ameneyo mlesi wodyera utsi." Zaka zonsezi ine ndinkayankha chala chimenecho ndi sawatcha. Zinandiwawa, sindinama. Ndinkayesa amandikonda.

Pofika madzulo anthu anayi sankayankhulana, ndipo kapitawo, amene sanagone masana, anali ngati mavu. Nthawi yoweruka ndinaliyang'ana bokosi lija, ndinayang'ana msewu. Kutsidya kunali amayi ogulitsa zipatso, ena a iwo amapemphera limodzi ndi mayi a kunyumba. Injiniya wa ovolo yosita akankhe chinthu chamatayala pamaso pawo? Kusiyana kwake ndi wilibala n'kotani? Kagetsi kanali kadakali kobiriwira. Ndinati liri bwino, tiona mawa.

Lachiwiri m'mawa ndinayesa kudzipezera ntchito. Ndinalipukuta bokosilo. Ndinalimangira kamthunzi. Ndinaika khutu pambali pake n'kumagwedeza mutu ngati dokotala. Ndinaliponda chidendene kumanzere kuti anthu aone, chala changa n'chimene chinatupa. Ilo linangokhala phee, kugwira ntchito popanda kundifunsa kalikonse. Chinthu chamwano sindinachione chotero.

Nthawi ya nkhomaliro kalipentala anandipeza kuseri kwa mulu wa mchenga.

"Akulu, tidzutsireni Agogo. Tiphana pano. Ine pakamwa panga panazolowera, sindingathe kupagwira."

"Mawaya onse anawakhomera m'bokosi," ndinatero.

"Ndiye inu si injiniya kodi?"

Pamenepo nzeru inandibwerera, ya mtundu umene umabwera kwa munthu tsiku limene tsoka lamukonda. Ndinatola waya wakale wakufa, mbali imodzi ndinamangirira kwa Agogo, mbali inayo ndinaiyendetsa pansi mpaka kuseri kwa bokosi, n'kuimangirira ku njerwa, pamwamba n'kuunjika matumba. Kenako ndinapita kwa kapitawo ndi nkhope ya maliro.

"Bwana, chibokosi chija chakomoka. Ndinanena ine. Koma musadandaule, ndalumikiza Agogo kunsi kwake mwaluso."

Kapitawo maso anawala. "Ndiye kuti Agogo akazima, magetsi azima, ngati kale?"

"Ngati kale, bwana."

"Lizani."

Ndinatsekula kampopi kanga, kukoka katatu, chidendene, kutukwana. Agogo anabangula, utsi tolotolo. Inu mukanaona chimwemwe. Kalipentala anatukwana aliyense amene anamudutsa, mpaka galu. Ntchito inathamanga. Zipangizo zonse zinkadya m'bokosi muja mwakachetechete, Agogo akungomwa dizilo n'kumakuwa, osagwira ntchito ina iliyonse. Kunena zoona, apa m'pamene ine ndi Agogo tinafanana kwambiri. Madzulo amenewo bokosi sindinalikankhenso, poti munthu sungakatchaje chinthu chimene wauza anthu kuti chinafa.

Lachitatu m'mawa zinali chimodzimodzi. Ndinaona kuti kagetsi kaja kasanduka kofiira, ndipo ndinakaphimba ndi kansanza kuti kasandisokoneze. Kutatsala mphindi zisanu kuti nkhomaliro ikwane, Agogo anatsokomola kawiri n'kuzima okha. Dizilo watha. Ine msangamsanga ndinaika dzanja pamenepo ngati ndazimitsa ndine, n'kukuwa kuti nkhomaliro.

Pamalo panati zii. Kapitawo, amene anali asanagone masana awiri, anapita pa chikepe chake ngati mwana wopita kwa amake. Nsapato pansi, mutu pa thumba, chipewa kumaso.

Tsono apa mundimvetsetse. Munthu yekhayo pamalo ponsepo amene ankadziwa kuti magetsi alipo ndinali ine. Bodzalo ndinalipanga ndekha ndi manja angawa. Koma makutu atamva chete, dzanja silinafunse mutu. Linatenga chikwama cha chakudya n'kuchikoleka pa chogwirira chija monga lachitira zaka khumi ndi zinayi, ine n'kupita kukasamba m'manja.

Ndikubwerera, ndinapeza anthu onse ataima, pakamwa yasa, akuyang'ana kumwamba. Pansi panali nsapato ziwiri, zitaikidwa bwinobwino. Mwini wake anali atadutsa nsanjika yoyamba, akupita yachiwiri, pang'onopang'ono, chikepe chikungolira ngati udzudzu, iye akuliza mkonono.

Ndinathamangira chikwama chija, koma ndisanachigwire chikepe chinaima chokha. Kuseri kwanga kabelu kankalira, tii, tii, tii. Kenako nako kanasiya. Batire latha. Kapitawo anali pakati pa nsanjika yachitatu ndi yachinayi, pamene palibe windo kapena khomo, khoma lokhalokha. Ndinakankha chogwirira kuti atsike. Palibe chinachitika.

Wachibwibwi anatsekula pakamwa, kalipentala anamutseka ndi chipewa.

"Musamudzutse," ananong'ona. "Akadzidzimuka agubuduka."

Ndiye tangoganizani. Amuna makumi awiri amene sananong'onepo chibadwire, ataima ngati ali m'tchalitchi, akuyenda ndi zala. Wina anathamangira makwerero, anapezeka kuti safika. Wina anayamba kuyala matumba a simenti opanda kanthu pansi, ngati mapepala angagwire munthu wa msinkhu umenewo. Kumuda ndinkamuda kapitawo, koma osati mpaka pamenepo.

Kenako mkonono unasiya. Tinaona chipewa chikusuntha. Tinaona munthu akudziwongola, kuyasamula, maso adakali otseka. Anatembenukira mbali yopanda chotchinga ija, n'kutulutsa mwendo umodzi, phazi likufufuza nsapato mumlengalenga.

Sindikudziwa kuti mawuwo anachokera kuti. Zaka zonse zopikisana ndi Agogo zinatuluka nthawi imodzi.

"Musatsike! Gwirani chitsulo!"

Achimwene, nkhunda zinauluka padenga la chipatala. Makanda onse a kuseri kwa mpanda anayamba kulira pamodzi ngati kwaya. Kapitawo anakumbatira chitsulo ndi manja awiri asanatsekule n'komwe maso. Atatsekula, anayang'ana pansi, anaona nsapato zake zili ngati nyerere, n'kubweza mwendo uja pang'onopang'ono.

"Ndafika bwanji kuno?" anafunsa ndi mawu a mwana.

Onse anayang'ana chikwama changa, chikulendewera pa chogwirira.

"Lizani jenereta munditsitse."

Ndinapita kwa Agogo, poti anthu ankayang'ana. Ndinakoka katatu. Ndinaponda chidendene. Ndinatukwana, ulendo uno mochokera pansi pa mtima. Ndinakokanso mpaka chingwe chinandisupula m'manja, ndikudziwa bwinobwino kuti thanki ndi youma, ndipo ngakhale akanalira, waya wake ukupita ku njerwa. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinali ndi jenereta ndi batire, ndipo kapitawo anali kumwamba.

Ndili mkati mokoka choncho, galimoto ya bwana inalowa, mayi wa batire uja ali kutsogolo. Pambuyo pawo, wapansi, a nesi aakulu, manja m'chiuno. Chinthu chachitatu chimene sindinamvere Lolemba chija chinali chakuti bokosilo limatumiza uthenga pa foni ya mayiyo. Linali likumuuza zonse. Ndakhala ndi akazitape ambiri pa ntchito, koma wamatayala ndinali ndisanamuone.

"Bambo, simunalitchaje chibwerere," anatero. "Kabelu kakhala kakulira mwa apo ndi apo kuyambira m'mawa. Simunamve?"

"Kunali phokoso pang'ono," ndinatero.

"Pang'ono?" anatero a nesi. "Ine ndabwera kudzaona munthu amene analonjeza kuti jenereta yasiya."

"Bokosilo linakomoka dzulo," kapitawo anakuwa ali kumwamba. "Tikugwiritsa jenereta. Afunseni ainjiniyawo."

Mayi uja anayang'ana kachitseko kake, kali kokhoma. Anayang'ana waya wochokera kwa Agogo. Anautsatira pang'onopang'ono, anthu onse akumutsatira pambuyo ngati maliro, mpaka pa mulu wa matumba. Anakoka. Njerwa inatuluka, itamangidwa mfundo ziwiri. Anainyamula m'mwamba kuti aliyense aone, mpaka kapitawo.

"Bambo," anatero mwaulemu, "luso ili kusukulu sanatiphunzitse."

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Ine ndinangoyang'ana njerwayo ngati ndikuiona koyamba.

Mayiyo anapita ku galimoto, anatulutsa kabatire kena kakang'ono ngati sutikesi, kunyamula ndi dzanja limodzi, kulumikiza, kuchotsa chikwama changa n'kundipatsa, n'kutsitsa kapitawo bwinobwino ngati dzira. Kapitawo anavala nsapato zake. Anamanga zingwe zonse ziwiri. Kenako anayang'ana bwana n'kunena kuti, "Wilibala n'kumukomera mtima ameneyu. Azipita kwawo."

Ine ndinaona zonse zikutha, chigubu, ovolo yosita, nkhope ya mayi a kunyumba. Ndinavula chipewa.

Amene anandipulumutsa ndi a nesi, ndipo sanachite dala. Anati, "Ine ndingofunsa, amene anakuwa uja ndi ndani? Ndinali m'chipinda chamkati, zitseko ziwiri zotseka, koma ndinagwira chitsulo cha bedi."

Bwana anakanda kumutu. Mayi wa batire anati vuto la pamalo pano ndi lakuti anthu anazolowera kumva magetsi ndi makutu, ndipo mpaka atazolowera zina, pakufunika chinachake chowachenjeza, mwina belu lalikulu. Bwana anafunsa ngati belulo n'logula. Anati inde. Bwana anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Akulu, Agogo ankagwira ntchito ziwiri, magetsi ndi phokoso. Ya magetsi yatengedwa. Yatsala ya phokoso, ndipo mwaonetsa kuti mumaitha."

Ndiye ntchito yanga panopa ndi imeneyo. Agogo anagulitsidwa kwa wogaya chimanga. Ine ndimaima pafupi ndi chikepe, chisananyamuke ndimakuwa kuti, "Chikukwera, chokani." Nthawi ya nkhomaliro ndimazungulira nsanjika zonse ndikulengeza kuti, "Magetsi alipo, musagone pa chikepe," ndipo ndikafika pamene pali kapitawo ndimanena kawiri. A nesi anandipatsa malire, akuti ndizikuwa choyang'ana kumsewu. Madzulo ndimakankha bokosi lija kuwoloka msewu, pamaso pa amayi a zipatso, ndipo amandipatsa moni mokoma kwambiri. Kalipentala masiku ano amatukwanira mumtima, akuti zikumuyambitsa chilungulira.

Kunyumba sindinanene kalikonse. Ovolo inkasitidwabe, ine n'kumati mwina zadutsa. Koma sabata yatha mayi a kunyumba anaperekeza mwana wathu wamkazi kukabayitsa mdzukulu katemera, ndipo m'tauni monse muno anasankha kachipatala kameneko. Anakhala pa benchi maola atatu. Chikepe tsiku limenelo chinakwera maulendo makumi atatu.

Nditafika madzulo anandilonjera ngati masiku onse. Anandilandira chikwama, anandipatsa madzi osamba, ine n'kumati Mulungu ndi wabwino, mwina mphepo inkaomba chakumsewu. Kenako anabwera ndi kapu ya tiyi wa mandimu, anagwada mwaulemu wonse, n'kuiika patsogolo panga.

"Ainjiniya," anatero, "dizilo wanu uyu. Imwani akadali wotentha, mawa mungadzavute kulira."

Ndinamwa, achimwene. Nanga ndikanatani, pakhosi pankandiwawadi.